Miyoyo Itatu

Lachiwiri, chiperoni chitakuta Luchenza,
ndinamupeza Lonjezo kuseri kwa okala ya a Mulapwa,
m'kachipinda ka kanema wosweka pakona,
anyamata asanu ndi awiri akupuma ngati munthu mmodzi.
Dzina lake linali litajomba kanayi m'kaundula wanga.
Ndinabwera mawu ali kale kukamwa.

Koma ndinaima pakhomo, ambulera ikudontha.

Kamunthu ka pagalasi kanalumpha, kanagwera m'dzenje,
kanafa.
Lonjezo anangoti "aaa", n'kuyambiranso.
Kanafanso. Ndinawerenga mpaka kakhumi ndi kamodzi.
Mwana yemweyu, amene ndikamuthetha kamodzi ndi cholembera chofiira
amapinda kope n'kulibisa m'malaya
ngati chilonda cha kumwendo.

Makinawo sanamutche mbuli.
Sanamuimike kutsogolo kuti anzake amuone.
Sanasunge cholakwa chake masabata awiri
m'jumbo, pansi pa tomato ndi makope ena zana,
monga ndichitira ine.
Anamuuza pomwepo: apa ndiye waphonya, bwerera.
Ndipo dzenje loyamba linali laling'ono,
loti ngakhale ine, ndi bondo langali, ndikanalumpha.

Ndisaname, nsanje inandigwira.
Zaka khumi ndi zinayi ndikudya fumbi la choko,
lero kabokosi ka mawaya kandilanda mwana.
Ndikudziwa, kamameza ndalama ya amayi ake
amene amathyola tiyi mame asanaume.
Kalibe ana zana m'chipinda chimodzi chodontha,
sikadikira malipiro, sikamva mutu.
Komabe kamadziwa kunena kuti "yesanso"
mopanda kutsonya.

Madzulo ndinatola zitsekerero za mabotolo
kuseri kwa malo omwera, anthu akundiyang'ana.
A Mulapwa anafunsa ngati ndayamba geni yatsopano.

M'mawa mwake, sitandade sikisi,
aliyense zitsekerero zitatu pa desiki,
amene alibe desiki, pa bondo.
Ndinati iyi ndi miyoyo yanu.
Samu yogawa ija ndinaidula pang'onopang'ono ngati nzimbe,
mfundo yoyamba yofewa, yachiwiri yolimbirako.
Wolakwa apereke chitsekerero chimodzi, abwerere pomwe anagwera.
Wothandiza mnzake abwezeredwe moyo.

Phokoso lake! A hedi anasuzumira pawindo kawiri.
Ena anaba miyoyo ya anzawo.
Tiyanjane analira, zake zitatha msanga,
ndipo sindinadziwe chomuuza.
Sizinayende monga ndinalotera usiku.

Belu litalira, ana anathamangira phala.
Lonjezo anatsala,
lilime lili panja, pensulo yafupika ngati chala.
Anali atalakwa kachiwiri pa samu yomweyo.
Ndinatambasula dzanja kuti nditenge kope.

Analigwira ndi chigongono, osandiyang'ana.
"Dikirani kaye, madamu,
ndatsala ndi moyo umodzi."

Kunja, nkhungu inali isanachoke paphiri.
Ndinakhala pansi, ndinadikira.