Sabata Yachisanu ndi Chiwiri

Mu ofesi ya Mayi Halvorsen
bokosi la tishu linali kale patebulo,
atalikankhira mbali ya mpando wanga.
Ndinadziwiratu ndisanakhale pansi.

Anawerenga papepala, mawu ali pansipansi:
mankhwala a 9 koloko operekedwa 10 itadutsa, katatu;
dilipu ya pabedi 14 inalira mphindi zisanu ndi imodzi
ine ndili pabedi 12;
zolemba za mu kompyuta kutsalira
mpaka anzanga atafika kwawo n'kusamba.
Ndinaunguza mzere uliwonse
kufuna kabodza ngakhale kamodzi koti ndigwirepo.
Munalibe.

“Mtima uli nawo, Corinne,” anatero,
“koma wodi ino imafuna miyendo.”
Darlene, yemwe ankandiphunzitsa ntchito,
anali chilili pafupi ndi chitseko,
maso ali pa nsapato zake.
Dzulo lomweli tinagawana lalanje.

Amati kuona maso a nkhono n'kudekha.
Kuno nkhono amaisainitsa pepala
n'kuiuza ikatulutse katundu wake mu loka.

Pabedi 12 paja pagona Bambo Ostrowski,
mlimi wa tirigu wa ku Casselton,
manja ngati makungwa, koma singano amaiopa ngati mwana.
Ankandiuza mitengo ya mathirakitala, umodziumodzi,
kuti asamve pamene ndikubaya,
ine n'kumamvetsera mpaka amalize.
Sindinawatsanzike.
Mawa afunsa kuti kamtsikana kochedwa kaja kali kuti,
kapena safunsa n'komwe.
Chopweteka kwambiri pa ziwirizi sindikuchidziwa.

Mu loka munali sokosi zapadera, mapilitsi a mutu,
buledi yemwe ndinakulunga m'mawa,
ndi chopimira mtima cholembedwa dzina langa
chomwe amayi analipira ndi maola owonjezera
pa tilu ya m'golosale, miyendo itatupa.
Zonse zinakwana m'jumbo imodzi.
Zaka zinayi za sukulu, jumbo imodzi,
malo n'kutsalanso.

Ndinaiwala jekete mkati.
Pobwerera ndinagunditsa baji pakabokosi ka pakhoma
monga mwa masiku onse.
Kanayaka kofiira.
Ndinagunditsanso, pang'onopang'ono, ngati ndikupepesa.
Kofiira.
Mlonda, Bambo Deng, anandibweretsera jeketeyo
osafunsa kanthu, ataipinda bwinobwino,
ndipo apa m'pamene misozi inandigonjetsa,
osati pa tishu paja.

Kunja, Fargo yense anali mbee ndi chipale chofewa.
Mphepo ya kuno imachokera ku Canada
osapeza ngakhale kaphiri koiletsa.
Ndinapala galasi la galimoto ndi khadi la ku banki
lomwe mu Marichi muno
ngongole ya sukulu iyamba kuliguguda.

Kunyumba sindinapite.
Shifiti imatha hafu seveni,
ndipo amayi amadziwa kuwerenga wotchi,
amadziwanso kuwerenga nkhope.
Satifiketi yanga anaipachika pamwamba pa TV,
pamene panali chithunzi cha ukwati wawo.
Ndikalowa msanga ndinena chiyani,
kuti odwala onse achira?

Choncho ndinakhala m'galimoto, injini ikulira,
yunifolomu ikununkhabe sopo wa chipatala,
ndikuwerenga mazenera a nsanjika yachinayi
kuchokera kumanzere: lachisanu ndi la bedi 12.
Munthu anadutsa mkatimo, changuchangu,
miyendo yomwe wodi imafuna.
Ndinadya buledi uja. Anali ataumiratu ndi chisanu.

Kenaka foni inalira pachifuwa panga.
Si Darlene. Si amayi.
Ndi belu lomwe ndinatchera ndekha Lolemba
kuti ndisadzachedwenso:
5:45, shuga wa Bambo Ostrowski.

Dzanja linali kale pa chitseko cha galimoto,
phazi limodzi m'chipale.
Lero ndikanafika nthawi yake.

Ndinabweza phazi.
Belu ndinalisiya lilire,
mphindi zisanu ndi imodzi,
kuti ndimve ndekha kutalika kwake.