Kuwerenga Anthu pa Foula

Lero ndi tsiku lachisanu ndi chinayi boti lisanachoke.
Alikweza pamtunda, likulendewera pa zitsulo za padoko
ngati mbuzi yodikira kusendedwa,
poti kuno nyanja ikakwiya sisiya kanthu m'madzi.
Ndege nayo yakana. Mphepo ikuchokera kumadzulo.

Pachilumba pano palibe golosale.
Shuga wanga anatha Lachiwiri,
Lachitatu ndinapeza kabotolo pakhomo, kopanda dzina.
Mwini wake ndikumudziwa:
ndi Osla yekha amene amamanga chivindikiro ndi ulusi waubweya.
Sindinapite kukathokoza, kuno zikomo wambiri amachititsa manyazi.
Ndinangomusiyira anyezi awiri pawindo.

Ndine namwino, koma tsiku la ndege
ndimavala chisoti cha ozimitsa moto
n'kukapirikitsa nkhosa pabwalo.
Wogawa makalata ndi yemwenso amakonza magetsi.
Mphunzitsi ali ndi ana anayi,
mmodzi akagwidwa chimfine
sitandade fili yonse yajomba.

M'mawa uliwonse ndimakwera kamtunda ka kwa a Tirval
kukatsuka bala la pamwendo.
Moto wawo ndi wa zigulumwa za dothi lakuda
zomwe anadula okha nyengo ya dzuwa,
utsi wake umakakamira mu juzi mpaka madzulo.
Ine ndikumanga bandeji, iwo akuloza mabwinja pawindo.
Apo panali Baabie, ankaluka masokosi akuyenda.
Apo banja la ana asanu ndi awiri linakwera sitima,
kalata inabwera kawiri, kenako zii.
Apo nthomba inalowa kalekale,
otsala sanakwane kunyamula maliro.
Amazinena ngati zachitika dzana.

Khirisimasi ya kuno imafika Januwale atayamba kale.
Nditafunsa anati, dziko lonse linasintha kalendala,
ife uthenga unatipeza tili pa ntchito.

Masana foni inalira. Mima wachira ku Lerwick,
mwana wamkazi, makilogalamu atatu ndi theka.
Anawoloka masabata atatu apitawo, nthawi isanakwane,
poopa mphepo yomwe ino.
Nkhani inazungulira chilumba tiyi wanga asanazizire.
Wina anakweza kambendera pa mlongoti wa sukulu,
mphepo n'kukatenga.

Ndinakweranso kamtunda kaja ndi uthenga.
A Tirval anatulutsa kope lakuda m'kabati,
lomwe analiyamba bambo awo,
mayina mbali ino, timitanda mbali iyo.
Werenga, anatero, ine maso anatha.
Ndinawerenga khomo ndi khomo,
kuyambira kummwera, kudutsa padoko, mpaka nyumba yomaliza kumpoto,
ndi khanda lomwe, lisanaone n'komwe kwawo.
Makumi atatu ndi anayi.

Anapukusa mutu. Werenganso.
Ndinabwereza, chala pa mzere uliwonse.
Makumi atatu ndi anayi.

Anandilanda pensulo, n'kunyowetsa nsonga ndi lilime.
Dzina lako lija, akutero, limayamba bwanji?

Zaka zitatu ndakhala pano ndikudziyesa mame,
mlendo woti dzuwa likakwera akamuka.
Sutikesi yanga ikadali pansi pa bedi,
pasipoti m'thumba la m'mbali.
Ndaziona, ndinayankha. Limayamba ndi N.

Analemba pang'onopang'ono, dzanja likunjenjemera,
pansi pa mpata wa mwana yemwe dzina sanamupatse.
Chilembo chimodzi anachisiya.
Sindinawauze.

Ndikutsika, mphepo inandikankha mpaka pageti.
Boti likulendewerabe.
Wailesi ikuti mwina Loweruka,
ndipo Osla wayamba kale kuluka kachipewa.