Malo a Sipeya

Teófilo anatsegula buti
natulutsa tayala la sipeya
ngati akuzula dzino losalakwa.
M'dzenje lomwe linatsala
anagonekamo thanki ya gasi,
yakuda, yobulungira, ya bowo pakati.
"Likadzaphulika tayala pa msewu wa Abancay," anatero,
"udzangopemphera."

Ndinakhala pa chitini cha oyilo tsiku lonse
kumuonerera akuboola, akumanga,
akuyendetsa timapaipi ta mkuwa
kunsi kwa mimba ya takisi
yomwe yandidyetsa zaka khumi ndi zitatu.
Ndalama ndinakongola kwa mlamu wanga Fulgencio,
munthu woiwala tsiku lobadwa la mkazi wake
koma osati ngongole.

Madzulo anasungunula sopo m'kapu
napaka thovu polumikizira paliponse.
Tonse awiri tinawerama, pakamwa tseke,
kudikira kathovu kamodzi kokha
kakuti katupe, kaulule pothawira mpweya.
Palibe kanatupa.

Tsopano m'mawa injini imadzuka ndi petulo,
paja chizolowezi sichifa tsiku limodzi.
Ikafunda ndimamva kuti tha!
timagetsi tinayi tobiriwira n'kuyaka
pafupi ndi bondo langa.
Pa chitunda cha ku San Juan de Lurigancho
imakoka mwaulesi, ndisaname,
ngati munthu wosenza kabati.
Ndimatsitsa giya, n'kuipepesa.

Nélida sanakondwe nazo.
Akuti ndaika bomba kuseri kwa mpando wa ana.
Koma dzulo ndinamuona pa zenera
akupisa chala m'paipi ya utsi,
nachiyang'ana nthawi yaitali,
kenako anapukutira pa bulauzi yoyera
osaganiza kawiri.

Chifunga cha Lima chikadali pomwepo,
chotuwa ngati madzi otsukira mbale.
Mabasi akale akutsokomolabe mwaye.
Yanga ndi galimoto imodzi
pakati pa miyandamiyanda, ndikudziwa.

Pa maloboti pali mayi wogulitsa maswiti.
Amadutsa kumbuyo kwanga kamodzi pa tsiku,
kamwana katagwira mpendero wa siketi,
mphuno yake yolingana ndi paipi yanga.
Sadziwa dzina langa,
sadziwa za thanki, za Fulgencio, za thovu lija.
Lero sanakaphimbe kumaso kamwanako.
Kapena anangoiwala.

Sipeya ili pa denga la nyumba.
Nélida wathiramo dothi, wadzalamo tsabola.
Ine ndimayenda maso ali pa phula,
kuzemba misomali.