Malungo a Purosesa

Zaka ziwiri ndikuponya ndalama m'chitini cha mkaka,
ndikukonza mafoni osweka pa Kamuzu Road
pansi pa ambulera yong'ambika.
Bolodi ndinabwera nayo pa minibasi ya ku Lilongwe
nditaifungatira pamiyendo ngati thireyi ya mazira.
Khadi la zithunzi anatumiza Jafali kuchokera ku Joni
atalikulunga m'masokosi.

Lachisanu usiku ndinamanga sikuluu yomaliza
ndi kudina batani.
Timagetsi tinayaka m'mimba mwake, tobiriwira, tofiirira,
ndipo ana a pa lendi
anapanikizana pazenera, mphuno pagalasi.

Mpikisano wa magalimoto.
Ndinakhota kona yoyamba, yachiwiri,
pa yachitatu, sikirini bii!
"Magetsi athima," anatero ana.
Koma babu kudenga linali ngwee.

Ndinayatsanso. Kanambala ka kutentha
kanakwera ngati mtengo wa feteleza,
70, 84, 91, 97,
kenaka zii.

Mlandu ndinaupachika pa Okutobala.
Kuno ku Salima malata amalira okha masana,
ngakhale abuluzi amabisala.
Ndinatsegula chitseko, ndinachotsa chivindikiro cha m'mbali,
ndinabwereka fani ya a Nachisale, eni nyumba,
amene anati ibwerere dzuwa lisanalowe.
Fani ina yam'kati ndinaipeza ikupumira kolakwika,
ndinaitembenuza ndi mtima wa munthu wopeza mfiti.
Ndinauzira fumbi lomwe panalibe.
Ndinaunjika mafirizesi asanu pambali pake
mpaka anasungunuka, ana n'kumwa.

95.

"Phala lotuwa lija unapaka?" Jafali pa foni.
Ndinapaka.
"Lochuluka bwanji?"
Ngati njere ya nandolo.
"Ndiye akugulitsa chakufa, mphwanga."
Bandulo inathera pomwepo.

Usiku umenewo ndinagona chagada
ndikuwerenga m'mutu mabatire onse ndinasintha,
magalasi onse ndinamata,
tchipisi chonse ndinadutsa osagula.

Mamawa Asiyatu, mlongo wanga, anafika
kuchokera ku wodi ya ana, nsapato m'manja,
maso ofiira ndi tulo.
Anaika kuseri kwa dzanja pa bokosilo
monga amachitira pamphumi.
"Mwana akatentha thupi sitithamangira jakisoni,"
anatero akuyasamula.
"Timayamba tamuvula. Wamuvula zonse?"
Ndinati iyi ndi kompyuta, si mwana.
Anakweza mapewa n'kupita kukatereka tiyi.

Komabe ndinamasula.
Masikuluu anayi, mopingasa,
ndinanyamula chitsulo choziziritsa pang'onopang'ono,
ndipo pansi pake, m'kati mwa phala lofinyika,
china chake chinanyezimira.
Kapulasitiki.
Kopyapyala ngati khoko la anyezi,
kolembedwa zilembo zofiira zondiuza kuti ndikachotse
ndisanamange.
Masiku awiri purosesa ikulira ndi malungo
ine nditaifunditsa bulangete.
Ine yemwe, amene ndimakalipira makasitomala
kuti sawerenga.

Ndinakasenda ndi chikhadabo.
Ndinapempha thonje ndi sipiriti m'chikwama cha Asiyatu
osanena chifukwa chake,
ndinapukuta mpaka chitsulo chinaonetsa nkhope yanga,
nkhope ya munthu wogwidwa.
Njere ina ya nandolo pakati.
Masikuluu, uyu pang'ono, wa kutsidya pang'ono,
osakondera.

41.
Injini zinabangula, 58,
63,
66, n'kuima pomwepo
ngati mbuzi yofika pothera chingwe.
Mpweya wotuluka kumbuyo unali wofunda tsopano,
ndipo ndinausiya undiwombe m'dzanja nthawi yaitali.

"Wodwala wako ali bwanji?"
Mawu ochokera kuseri kwa katani.
Ndinati anali waya chabe.
Kapulasitiki kali m'thumba la malaya,
kakumata pachifuwa ndi thukuta.

Ana anabwerera pazenera.
Kona yoyamba, yachiwiri,
pa yachitatu ija ndinakawomba khoma,
ndekha, ndi manja angawa,
sikirini ili ngwee,
ana ali pansi ndi phwete.