Sikelo ya Pulofesa Aronheim

Ku Manchester mvula siodira.
Pulofesa Perla Aronheim amapukuta magalasi
ndi kampango kothetheka ka mayi awo,
kenaka n'kuweramira makina oonera tosaoneka.

"Magazi a Myuda ndinawayeza," anandiuza,
"a Mjeremani, ngakhale ako omwe.
Chizindikiro ankachisaka chija sindinachipeze.
Komatu agogo anawakweza sitima ya ng'ombe
chifukwa cha chinthu chomwe m'magazimo mulibe."

Ku sunagoge sapondako.
"Ine ndi Mulungu tinasemphana kalekale,
koma Lachisanu madzulo ndimayatsabe makandulo awiri,
kuti akamadutsa adziwe
kuti sanatimalize."

Lero abwera ndi kalata
yopempha ufulu wa katswiri wina kutali uko,
womangidwa pokana kusintha manambala
kuti akomere nduna.
Ndati, kodi nayenso ndi Myuda?
Andiyang'ana ngati ndataya mankhwala pansi.
"Unyolo sufunsa mtundu, mwanawe.
Ine ndifunsirenji?"

Asayina, dzanja likunjenjemera.

"Sikelo ikanama kamodzi timaitaya.
Nanga boma timalisungiranji?"

Panja basi ya ku Prestwich yawasiya.
Akhalanso pansi.
Akufuna envulopu ina.