Mbalame ya M'mpendero

Mayi anga, Shahnaz, amapeta maluwa oyera pa nsalu yoyera
m'kachipinda ka ku Lucknow, pamwamba pa sitolo ya mafuta onunkhira,
momwe dzuwa limangolonjera pazenera
n'kupitiriza ulendo wake.

Diresi limodzi, miyezi khumi ndi umodzi.
Mvula itabwera denga linadontha;
tinasuntha nsalu, ife n'kugona ponyowapo.
Chilimwe chitafika, ine ndinkawakupiza ndi katoni
kuti thukuta lisagwere pa duwa.
Singano ikawabaya sankati mayo,
ankathamangitsira chala kukamwa
magazi asanaone njira.

Lachinayi lililonse Bambo Tiwari ankabwera pa njinga yamoto,
kuwerenga maluwa ngati anyezi wa pamsika:
ili lapendama, ili lachepa,
apa ndichotsapo marupi makumi awiri.
Tsiku lomaliza analipinda m'pepala lofewa,
kulinyamula ngati khanda,
osatembenuka kuona amene analibala.

Patapita miyezi inayi, usiku wina,
Zubair wogulitsa tiyi anakuwa kuchokera pansi:
Tsikani! Nsalu yanu ija ili pa kanema!

Tinatsika opanda nsapato.
Ndi lomwelo. Likuyenda pansi pa magetsi a ku Mumbai,
lavalidwa ndi mtsikana wamtali wosamwetulira,
maluwa a mayi anga akugwedezeka ngati amva mphepo ya kwawo.
Kenaka anthu anaimirira, m'manja phwaphwaphwa,
ndipo Mayi Ishani Bedekar, a dzina lili pa kolala,
analandira chikho chagalasi.

Duwa lililonse ndinalilota ndekha, anatero.
Manja angawa sanagone chaka chathunthu.
Anawakweza kuti tiwaone:
osalala, zikhadabo zofiira,
chala chilichonse chosadziwa kulasa kwa singano.

M'sitolo monse munangoti zii.
Ketulo yokha ndiyo inapitiriza kulira.
Zubair anatsitsa mawu a kanema, ngati kuti wachimwa ndi iye.

Ine mtima unandiwira.
Amayi, atidyera masuku pamutu anthuwa!
Tilembe kalata, tipite, tikaime pakhomo pawo!
Iwo anangopukuta magalasi ndi nsonga ya mpango.
Sitima ya ku Mumbai ndi maluwa angati? anandifunsa.
Ndinawerenga. Ndinakhala chete.

Pokwera masitepe anandigwira dzanja,
khungu lawo lokhakhala ngati chingwe cha pachitsime.
M'mpendero, kumanzere, mkati, ananong'ona,
muli kambalame kochepa ngati njere ya mpunga,
kakuyang'ana m'mbuyo.
Pamchira pake mfundo zitatu:
iwe, Imtiyaz, ndi uja tinamuika m'manda asanayende.
Sikanali pa chithunzi chimene anatipatsa.
Tiwari sanakaone. Sanakalipire.
Kameneko ndi kanga.

Anaseka pang'ono. Ine sindinaseke.
Kambalame kobisika sikagula mankhwala a maso,
sikalipira lendi,
sikauza munthu aliyense kuti mumsewu muno muli Shahnaz,
muli Mehrunnisa wa msana wopindika,
muli Gulnar amene amapeta mwana ali pabere,
kuti chikho chija chikanaswedwa mwachilungamo
aliyense akanatola kachidutswa kake.

Komabe usiku ndikamagona ndimakaona:
mu kabati yozizira ya nyumba imene sitidzailowa,
mumdima, pakati pa nsalu zodula,
kambalame katcheza maso,
kakuyang'ana kuno.

M'mawa njinga yamoto inalira pansi.
Nsalu ina, yaitali kuposa ija.
Akuti makasitomala achuluka, anatero Tiwari,
dzina la madamu lakwera, mufulumire.
Mtengo wa duwa ndi womwe uja.

Mayi anakhala pamalo pawo, pafupi ndi zenera,
nakweza singano kuloza kuwala,
kuyesa kamodzi, kawiri, kachitatu.
Kenaka anandipatsira osandiyang'ana:
Tandilowetsera ulusi, mwanawe,
kabowoka kakuchepera chaka ndi chaka.

Ndinalowetsa.
Koma ndisanawabwezere, ndinatenga pensulo ya kusukulu,
ndipo kuseri kwa chitseko, pamene Tiwari amatsamira powerenga,
ndinayamba kulemba mayina.