Zomwe Sindinalembe M'kaundula

Ndinali mlembi tsiku limenelo,
zala zitauma ndi chisanu cha Juni,
mvula yowaza ikunong'ona pa malata a holo ya ku Masasa.

Anabwera atatu pa galimoto yoyera,
fomu ya masamba khumi ndi anayi m'manja,
kamera ikulendewera pakhosi ngati chithumwa.
Anati: tipatseni mayina a osaukitsitsa,
aime pamzere, aliyense anyamule ndowa,
amwetulire.

NyaHarawa, wapampando wathu,
uja amagulitsa mapeyala ku Vigwagwa,
anayamba wapukuta magalasi ndi nsonga ya chitenje.
Anachedwa dala.

"Kuno nyumba ikakokoloka,
thumba la chimanga limafika usiku.
Wolisenza sakhosomola pakhomo.
M'mawa mwini nyumba amalonjera aliyense mofanana,
mutu uli m'mwamba,
poti sadziwa yemwe wamuveka.
Inu mukufuna timuvule kawiri."

Wamkulu wa alendo anatchula mamiliyoni.
Ndisaname, mtima unadumpha:
ndinali nditawerengera kale alawansi,
nsapato za mwana, ngongole ya kwa Chavula.

"Mwabweretsa mjigo," anatero mayiyo,
"pomwe madzi ndiwo akutipha.
Tikufuna ngalande. Munatifunsa liti?
Yewo chomene, ndalama ndi zanu,
koma phiri ili timalidziwa ndi zidendene,
pomwe limaterera,
pomwe linameza mwana wa a Luhanga.
Khalani nafe pa benchi, osati kutsogolo.
Kupatsa n'kuika, inde,
koma woika salamula nkhokwe ya mnzake."

Kunja wakabaza analiza belu.
Fomu inabwerera m'chikwama ili mbee.
Tiyi tinamwa tokha.

Loweruka tinatuluka ndi makasu obwereka
ndi wilibala yotsimphina.
Mbale ya zopereka tinaivindikira ndi nsalu
kuti dzanja la mphunzitsi ndi la wootcha makala
alemere chimodzimodzi.

Patapita miyezi itatu anabwerera mmodzi,
wamng'ono uja, wopanda kamera,
atavala majombo.
Anafunsa: ndiyambire pati?
NyaHarawa anamulozera m'matope,
pakati pa ine ndi Tiyezge.

M'kaundula ndinangolemba kuti
msonkhano unatha folo koloko,
sitinamvane chimodzi.
Zinazi ndikulemba lero,
madzi akulindima m'ngalande yathu,
akulambalala nyumba
zili chiimire.
Ngongole ya kwa Chavula ikadalipo.